Mafunde ake a chiyani? Usiku womwe tinakangana za kuwala magetsi atathima

Mdala wa Fizikisi, 17:42
Mwaswera bwanji nonse. Kuno magetsi athima kuyambira m'mawa, m'nyumba simukukhalika ndi kutentha, ndiye ndatsikira kugombe ndi adzukulu anga awiri. Nyanja ili bata lenileni. Anawa akupikisana kuponya miyala m'madzi, ndipo kangapo konse miyala yawo ikumagwa nthawi imodzi, wina apa wina apo. Timafunde tozungulira tija tikamakula n'kukumana, pali malo ena pomwe madzi akudumpha kwambiri kuposa momwe mwala umodzi ukanawadumphitsira, koma pakati pake pali timinjira pomwe madzi angoti phee ngati simunagwe kanthu. Funde lokwera lakumana ndi lotsika, afafanizana.

Ndaphunzitsa chinthu chimenechi zaka zoposa 30 ndi choko pabolodi. Lero mutu uli mbuu ndi imvi, ndikuchionera pamadzi, koma chikundisowetsabe mtendere. Kuwala kumachitanso chomwechi: kuwala kukakumana ndi kuwala kumatha kubereka mdima. Koma kuwala komweko kumafikanso ngati timiyala, kamodzikamodzi. Amene ali ndi bandulo abwere tikambirane.

Kabaza Wapaboma, 17:49
Madala mwati kuwala kukachuluka kumabereka mdima? Basi ndamvetsa tsopano. Ndiye kuti ife kwa Mpondasi kuno akutipatsa magetsi opyola muyezo kkkkk

Tadala Fomu 4, 17:55
Agogo, ife m'kalasi anatiuza kuti kuwala ndi mafunde ndipo tinalemba choncho m'makope. Za timiyalazi zikuchokeranso kuti? Chaka chino ndi cha mayeso, musatisokoneze chonde.

Mdala wa Fizikisi, 18:10
Mwana wanga, pa mayeso ukalembe zomwe anakuphunzitsa, sanakunamize. Kungoti anakupatsa theka.

Mkanganowu ndi wakalekale. Isaac Newton, m'buku lake la Opticks la mu 1704, ankati kuwala ndi timibulu touluka mowongoka. Christiaan Huygens wa ku Holland anali atalemba kale mu 1690 kuti ndi mafunde. Koma Newton linali dzina lalikulu, ndiye kwa zaka pafupifupi 100 ambiri anangotsata mkuluyo. Cha mu 1803 dokotala wina wa ku England, Thomas Young, anaonetsa kuti kuwala kukadzera njira ziwiri zoyandikana n'kukakumananso pakhoma, sikupanga milu iwiri ngati momwe mchenga ungachitire mutauthira pa chitini cha mabowo awiri. Kumapanga mizeremizere: powala, pamdima, powala, pamdima. Ndi zomwezi akuchita adzukulu angawa ndi miyala.

Yomwe imandikomera ine ndi ya ku France mu 1818. Augustin Fresnel, injiniya wa misewu, anapereka masamu ake a mafunde pa mpikisano. Mmodzi mwa oweruza, Siméon Poisson, anali wa mbali ya Newton. Anatenga masamu aja n'kupeza kuti ngati Fresnel akunena zoona, ndiye kuti pakatikati penipeni pa mthunzi wa kanthu kozungulira payenera kuoneka kadontho kowala. Ankaona ngati wamupezeketsa, poti ndani anaonapo kuwala pakati pa mthunzi? François Arago anangodzuka n'kukayesa. Kadontho kanalipo. Mpaka lero ena amakatchula dzina la Poisson yemweyo amene ankakakana.

Che Siginala, 18:31
Salaam aleikum nonse. Ife pa Makawa lero sitilowa m'madzi, mwezi ndi wathunthu, usipa subwera pa nyali. Ndiye ndawerenga zonse. Bambo aphunzitsi, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma mafunde ndimawadziwa kuposa inu, mundikhululukire. Funde si chinthu choti munganyamule. Mwera ukamawomba, bwato limakwera n'kutsika pamalo pomwepo. Madzi sakupita ku Monkey Bay ayi, chomwe chikuyenda ndi kugwedezeka kwake. Chotsani madzi, funde palibe. Tsono kuwala kochokera kudzuwa, pakati ponsepo pomwe mumati palibe ngakhale mpweya, chikugwedezeka n'chiyani? Mafunde ake a chiyani?

Mdala wa Fizikisi, 18:47
Che Siginala, funso limeneli linazunguza mitu ya akatswiri kwa mibadwo. Iwonso ankaganiza ngati inu, kuti payenera kukhala madzi ena osaoneka odzaza thambo lonse, ndipo anawapatsa dzina lakuti ether. Mu 1887 Albert Michelson ndi Edward Morley, ku Cleveland m'dziko la America, anakonza chipangizo cha magalasi choti chiyeze momwe dziko lathu likusambirira m'madzi amenewo, monga inu mumadziwira ngati mukupalasa molimbana ndi madzi a Shire kapena motsetsereka nawo. Sanapeze kanthu. Liwiro la kuwala linali lomwelo mbali zonse, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi.

Yankho la m'buku ndi la James Clerk Maxwell, la mu 1865: chomwe chimagwedezeka ndi mphamvu ya magetsi ndi ya maginito, ndipo zimenezi sizilira madzi. Masamu ake ndi olondola, wailesi ndi foni mwagwirayo zikuyendera pamenepo. Koma ndivomere kuti mawu akuti funde tinachita kubwereka kwa inu asodzi, ndipo pofika apa ayamba kale kutithina ngati malaya a mwana.

Wasola, 18:58
Zikomo madala. Ine changa ndi cha timiyala tija. Ndimaika mapanelo kuyambira paboma pano mpaka Namwera ndi Malindi, ndipo makasitomala ambiri amakhulupirira kuti sola imadya kutentha. Amati Mangochi mu Okutobala ndiye kuchimake kwa magetsi. Koma ine ndikayeza ndi mita, panelo ikatentha kwambiri padenga la malata mphamvu imatsika. Mu Juni dzuwa likawala bwino kukuzizira imakoka bwino zedi. Zikugwirizana ndi nkhani yanuyi?

Mdala wa Fizikisi, 19:16
Zikugwirizana, achimwene. Panelo sidya kutentha, imadya kuwala, ndipo imadya kamodzikamodzi.

Heinrich Hertz anaona mu 1887 kuti kuwala kwa ultraviolet, komwe sikuoneka ndi maso, kukawomba chitsulo, moto wa magetsi umathetheka mosavuta. Pambuyo pake zinadziwika kuti kuwalako kumathothola maelekitironi, timibulu ting'onoting'ono tonyamula magetsi, pachitsulopo. Chodabwitsa chinali ichi: tengani chitsulo ngati zinki, chiwalitseni ndi kuwala kofiira kwamphamvu momwe mungathere, palibe chithothoke. Bweretsani ultraviolet wofooka, nthawi yomweyo ayamba kuthothoka. Akanakhala mafunde wamba sizikanatero, poti ngakhale timafunde ting'onoting'ono timagumula gombe tikapatsidwa nthawi.

Taganizani mlambe uli ndi malambe m'mwamba. Itanani ana 100 agende ndi njere za chimanga tsiku lonse, palibe chigwe. Abwere mnyamata mmodzi ndi mwala umodzi wabwino, malambe pansi. Albert Einstein, ali ndi zaka 26, akugwira ntchito mu ofesi ya boma ku Bern, analemba mu 1905 kuti kuwala kumafika m'timaphukusi, ndipo mphamvu ya kaphukusi kalikonse imadalira mtundu wa kuwalako, osati kuchuluka kwake. Timaphukusi timeneti lero timati mafotoni. Robert Millikan wa ku America sanakhulupirire, anatha zaka pafupifupi 10 akuyesa, ndipo mu 1916 zomwe anapeza zinangotsimikiza masamu a Einstein. Mphoto ya Nobel ya 1921 ya Einstein inatchula ntchito imeneyi, osati chiphunzitso chake china cha relativity chomwe anatchuka nacho.

Silikoni wa m'panelo mwanu nayenso ali ndi muyezo wake wa mwala. Kuwala kwa funde lotalika kupyola mananomita pafupifupi 1,100 (mamilimita 0.0011), monga kosaoneka komwe ayironi yotentha imatulutsa, kulibe mphamvu yothothola kanthu. Ikani ayironi yamakala yotentha pafupi ndi panelo usiku, foni sichaja.

Wasola, 19:21
Eya! Ya malambeyo ndaitenga, mawa ndikaigwiritsa ntchito kwa kasitomala wina wovuta kwa Chimwala.

Che Mwalimu, 19:34
Ndaswali kaye, ndiye ndachedwa. Aphunzitsi, mayina onse mwatchulawa ndi a ku Ulaya ndi America. Ana athu asaganize kuti nkhani ya kuwala inayambira kumeneko. Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra cha mu 965, yemwe anakagwira ntchito ku Cairo, analemba Kitab al-Manazir zaka pafupifupi 700 Newton asanatulutse buku lake. Nthawi imeneyo ambiri ankati maso ndi amene amatulutsa kuwala n'kukakhudza chinthu. Iye anaonetsa kuti kuwala kumachoka pa chinthu n'kulowa m'diso, ndipo ankachita kuyesa m'chipinda chamdima chokhala ndi kabowo. Ankalangizanso kuti wofuna choona asangomeza zomwe akuluakulu analemba, azizifufuza, ndipo adzikayikirenso iye mwini.

Mdala wa Fizikisi, 19:39
Mwandikonza bwino Che Mwalimu, ndalandira. Ndipo kabowo kake aliyense anakaonapo: denga la malata likabooka ndi msomali, kadontho ka dzuwa kogwa pansi kamakhala kozungulira ngakhale bowolo ndi lokhota. Chimenecho ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo.

Tadala Fomu 4, 19:44
Koma agogo simunandiyankhebe. Ndiye ndi chiti? Mwina mafotoniwo ndi ambirimbiri ngati madontho a madzi, akakhala pamodzi ndiye amapanga funde?

Mdala wa Fizikisi, 20:09
Waganiza bwino, ndipo ambiri anaganiza choncho. Koma ayi, ndipo apa ndi pomwe ine tulo timandithawira.

Mu 1909 G. I. Taylor ku Cambridge anafooketsa kuwala ndi magalasi odetsedwa ndi mwaye mpaka kunatsala kochepetsetsa, moti chithunzi chimodzi chinatenga pafupifupi miyezi itatu kuti chijambulike. Mizere inatulukabe. Kenako nkhani inatembenuka. Louis de Broglie wa ku France ananena mu 1924 kuti ngati kuwala, komwe tinkati mafunde, kuli ndi khalidwe la timiyala, ndiye kuti elekitironi, yomwe tinkati kamwala, iyeneranso kukhala ndi khalidwe la funde. Umboni unabwera mwa ngozi. Mu labu ya Clinton Davisson ndi Lester Germer ku New York mu 1925, mpweya unalowa m'chubu chawo n'kuwononga kachidutswa ka nickel komwe ankawombera maelekitironi. Pofuna kukayeretsa anakatentha kwambiri, ndipo osadziwa anasintha kayalidwe ka maatomu ake. Atayambiranso, maelekitironi anayamba kubwerera mwa dongosolo lachilendo, ndipo pofika 1927 anatsimikiza kuti ndi dongosolo la mafunde.

Imvaninso iyi. J. J. Thomson anatulukira elekitironi mu 1897 ngati kamwala, n'kulandira Nobel mu 1906. Mwana wake, G. P. Thomson, anaonetsa ku Aberdeen kuti elekitironi yomweyo ndi funde, n'kulandira Nobel mu 1937 pamodzi ndi Davisson. Bambo ndi mwana, ndipo palibe anamulanda mphoto.

Tsono funso lako lenileni. Mu 1989 Akira Tonomura ndi anzake ku Hitachi, ku Japan, ankatumiza maelekitironi imodziimodzi, ina ikafika ndiye inzake inyamuke, pa chipangizo cha njira ziwiri. Iliyonse ikafika pagalasi imasiya kadontho kamodzi, ngati kamwala. Poyamba timadontho timaoneka tobalalika chisawawa, ngati mpunga wotayika pansi. Koma tikachuluka kufika masauzande, mizere ija imatulukira yokha. Pali malo omwe elekitironi imafikako njira imodzi ikakhala yotsekedwa, koma mukatsegula zonse ziwiri sifikakonso. Inali yokhayokha paulendo. Inakumana ndi ndani kuti zifafanizane?

Kabaza Wapaboma, 20:13
Aaa madala, chinthu chimodzi kudzera makomo awiri nthawi imodzi? Kwathu timati ufiti umenewo. Ndiphunzitseni ndizinyamula kasitomala wa kuchipatala ndi wa kumsika ulendo umodzi.

Mdala wa Fizikisi, 20:20
Kkkk iwe nawenso uli nalo funde lako, de Broglie sanakusiye kunja. Koma chinthu chikamalemera funde lake limafupika. Iwe ndi njinga yako, tinene makilogalamu 90, ukupalasa mamita 4 pa sekondi: lemba 0, dontho, maziro 35, kenako 2. Amenewo ndi mamita a funde lako. Palibe khomo lopapatiza choncho padziko pano. Koma malire ake akunka nasunthidwa. Ku Vienna mu 1999 gulu la Anton Zeilinger linaonetsa mizere yomweyi ndi mamolekyu a maatomu 60 a kaboni, owumbika ngati mpira wamiyendo, ndipo mu 2019 komweko anafika pa mamolekyu a maatomu pafupifupi 2,000.

Anaphiri, 20:31
Bambo, ine ndine mayi ake a Tadala, ndimangowerenga. Pa Facebook ndinaona kanema wina akuti asayansi anapeza kuti munthu ukayang'ana tinthu timeneti timasintha khalidwe, ndiye kuti maganizo a munthu ndi amene amalenga zinthu. Mapeto ake ankagulitsa maphunziro a momwe ungakokere ndalama ndi maganizo. Zoona zimenezi?

Mdala wa Fizikisi, 20:44
Mayi, ndalama zanu musunge. Theka loyamba lili ndi choona pang'ono, lachiwirilo ndi malonda. Zoona n'zakuti mukaika chipangizo chodziwa njira yomwe elekitironi yadzera, mizere imasowa, pamatsala milu wamba. Koma sipafunika diso la munthu. Chofunika n'chakuti pakhale chinthu chilichonse chomwe chasunga chizindikiro cha njirayo, kaya munthu aliko kaya wapita kukasamba. Ku Vienna komwe kuja mu 2004 anatenthetsa mamolekyu mpaka anayamba kutulutsa kuwala paulendo, ngati munthu woyenda usiku ndi tochi. Mizere inazimiririka. Panalibe amene ankaganizira mamolekyuwo mwamphamvu, anangodziulula okha.

Zimenezi zimandipweteka, chifukwa nkhani yokoma chonchi anthu aisandutsa nyambo.

Che Siginala, 20:58
Ndabweranso ndi funso langa lija, poti simunalimalize. Za kuwala mwati ndi magetsi ndi maginito. Nanga funde la elekitironi ndi la chiyani?

Mdala wa Fizikisi, 21:07
Max Born anayankha mu 1926 kuti ndi funde la mwayi. Pomwe fundelo ndi lalikulu, mwayi wopeza elekitironi ndi waukulu. Pomwe lafafanizika, simudzaipeza.

Che Siginala, 21:12
Ndiye ndi usipa umenewo. Ine ndikayatsa nyali ndimadziwa mbali yomwe gulu lidzere, ndimauza anyamata poponya chilimira. Koma kansomba kamodzi sindingakuuzeni kali pati.

Mdala wa Fizikisi, 21:33
Mwayandikira kwambiri, koma pali pomwe zikusiyana. Kansomba kanu kali penapake ndithu, inu ndi amene simukudziwa. Ndi elekitironi, mukangonena kuti yadzera khomo ili kapena ilo, ine ndiye sindikudziwa chabe, n'kuwerengera motero, yankho limatuluka lolakwika. Mizere sikhalapo m'masamu anu, pomwe pagalasi ilipo.

Niels Bohr ankati tisafunse zomwe ikuchita panjira, tizikamba zomwe tayeza. Einstein sanakhutire nazo mpaka imfa yake mu 1955. David Bohm mu 1952 anati kamwala kalipo ndithu ndipo kamadzera khomo limodzi, koma funde lodzera makomo onse awiri ndi limene limakatsogolera, ngati bwato lotengedwa ndi madzi. Masamu a onsewa amapereka mizere yofanana, ndiye galasi silinaweruze mlanduwu.

Ndili mnyamata ku Chancellor College ku Zomba ndinkaganiza kuti kwinakwake kuli chipinda chomwe akuluakulu amadziwa yankho, ife ana amangotibisira mpaka titakula. Ndinawerenga, ndinakalamba, chipindacho sindinachipeze. Ndimatha kukuwerengerani pomwe mzere uliwonse ugwere, osaphonya. Maikulosikopu ya maelekitironi, yomwe Ernst Ruska ndi Max Knoll anapanga mu 1931 ndipo lero imaonetsa mavairasi, imagwira ntchito chifukwa cha funde lomweli. Koma mundipatse choko kuti ndijambule chomwe chikuchitika pakati pa khomo ndi khoma, dzanja limaima. Ndipo chomwe ndimadzimvera nacho chisoni n'chakuti zaka zonse zija m'kalasi sindinauzepo ana kuti apa ine sindidziwa. Ndinkaopa kuti andiderera. Mwana akafunsa ngati momwe afunsira Che Siginala, ndinkati zimenezo sizibwera pa mayeso.

Che Mwalimu, 21:40
Si inu nokha aphunzitsi. Ifenso ku madrasa mawu amenewo amatilemera pakamwa.

Tadala Fomu 4, 21:46
Agogo, kusukulu kwathu labu ilipo koma zipangizo mulibe, mizere mukunenayi ndinangoiona yojambula m'buku. Achimwene anga ali ndi katochi kofiira ka laser ka pamakiyi, palembedwa 650nm. Kangathandize?

Mdala wa Fizikisi, 21:55
Kwambiri! Kandimverere anakanena za m'maluwa, kaone wekha. Tenga tsitsi limodzi lalitali, ulimate ndi selotepi pa katoni yomwe waiboola pakati, likhale chilili ndiponso lokungika. Ima mamita atatu kuchokera kukhoma, uyeze ndi tepi, usangoponda mapazi. Walitsa kuti kuwala kumenye tsitsilo. Kudzadzera mbali zonse ziwiri za tsitsi n'kukakumana kukhoma. Usaloze m'maso mwa munthu, ngakhale mwamasewera. Mdima uli kale, akutithandiza eni magetsi.

Anaphiri, 22:09
Bambo, mwana wanuyu wandizula meshi ndili chigonere.

Tadala Fomu 4, 22:24
ZATHEKA!! Pakati pali dontho lalikulu lowala, ndiye mbali zonse ziwiri pali timizere tofiira tondondozana chopingasa, todukaduka, powala pamdima powala pamdima. Ndawerenga 5 kumanja, 4 kumanzere, tinato tikuzimiririka. Tsitsi laima chilili koma timizere tagona. Poyamba sizimaoneka chifukwa dzanja limanjenjemera, ndiye ndakhazika katochi pa mtondo n'kukapanikiza ndi chopanira zovala.

Mdala wa Fizikisi, 22:30
Tsopano tenga rula. Yeza kuchokera pakati pa malo amdima amodzi kufika pakati pa otsatira, mbali imodzi. Funde la katochi kako, 650nm ija, ndi mamilimita 0.00065. Uchulukitse ndi 3,000, omwe ndi mamilimita a kukhoma, kenako ugawe ndi zomwe wayezazo.

Tadala Fomu 4, 22:41
Ndapeza mamilimita 25. Ndiye 1.95 kugawa ndi 25 ikundipatsa 0.078. Chimenechi n'chiyani?

Mdala wa Fizikisi, 22:43
Kunenepa kwa tsitsi la mayi ako, m'mamilimita. Walipima ndi rula ya pasukulu.

Kabaza Wapaboma, 22:45
La meshi limenelo madala, la mayi ake lenileni silinayezedwe kkkk

Che Siginala, 22:52
Mwana iwe, katochiko usataye. Mwezi ukalowa mdima aphunzitsi abwere nako pa Makawa, anyamata anga akaone pa thanga la boti. Ndikawafotokozera pakamwa andiyesa wamisala. Koma bambo, timadontho tofiira ta pakhomato, tikufikanso kamodzikamodzi?

Mdala wa Fizikisi, 22:56
Kamodzikamodzi, Che Siginala. Kungoti pa sekondi iliyonse tikufika tochuluka kuposa usipa wonse womwe munaphapo. Ndibwera, mundisungire wofutsa.

Anaphiri, 23:08
Magetsi ayaka kuno. Tawadikira kuyambira m'mawa, foni zonse zili pa 3%, ndiye mwanayu akuti ndithimitse babu ayezenso ndi tsitsi la mng'ono wake.